Kalata yochokera ku Chipata: za bungwe la makampani a ICT

Chipata,
Chigawo cha Kum'mawa.

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tilipo, ndipo apabanja akupereka moni.

Funso lanu lija ndalimva. Mukufuna kudziwa ngati kampani imene mukuganiza zodzatsegula kuno ku Zambia iyenera kudzalowa m'bungwe loimira makampani a ICT (a makompyuta, mafoni ndi intaneti) m'dziko lonse, kapena ngati kutero ndi kungolipirira anthu misonkhano ya m'mahotela. Ine ndikuti mudzalowe, koma mudziwiretu chimene mukugula, chifukwa ambiri amasokoneza zinthu zitatu zosiyana.

Choyamba ndi ZICTA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009. Iwo ndi mkono wa boma: amapereka malaisensi, amagawa mafunde a netiweki, ndiponso amavomereza mtundu wa zipangizo zolumikizirana zisanayambe kugulitsidwa kuno. Chachiwiri ndi ICTAZ, ya lamulo nambala 7 la mu 2018, imene inalowa m'malo mwa Computer Society of Zambia. Ntchito yake yaikulu ndi kulembetsa akatswiri ndi kuona kuti akugwira ntchito mwamwambo. Chachitatu, chimene mukufunsacho, ndi pakamwa pa makampani eni ake. ZICTA singapite ku Unduna wa Zachuma kukadandaula kuti msonkho wakulemerani, chifukwa si udindo wake. Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko. Alimi anazindikira kale zimenezi, n'chifukwa chake nkhani ya mtengo wa chimanga kapena feteleza ikabuka bungwe lawo la ZNFU limakhala litalankhula kale. Ku ICT, makampani a mafoni ali ndi bungwe lawo, ogulitsa intaneti ali ndi ISPAZ, ndipo amenewo mawu awo amafika. Amene mawu awo safika ndi wokonza mafoni ku Kapata, mnyamata woyala mawaya a netiweki m'masukulu a ku Katete, wolemba mapulogalamu wa antchito atatu, ndi eni tuntemba ta mobile money. Bungwe la dziko lonse liyenera kunyamula onsewa pamodzi ndi akuluakuluwo.

Ntchito yake yaikulu imayendera kalendala ya boma. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Januwale, ndipo kupatula chaka cha chisankho, bajeti imayenera kufika ku Nyumba ya Malamulo masiku 90 chaka chatsopano chisanayambe, ndiye kuti chakumapeto kwa Sepitembala. Koma pofika tsiku limenelo zambiri zimakhala zitaphikidwa kale. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake undunawo umaitanitsa maganizo a anthu ndi mabungwe pa zamisonkho, ndipo khomo lenileni ndi limeneli. Bungwe limene limayamba kufuula pa wailesi nduna itawerenga kale bajeti lachedwa ndi theka la chaka. Msonkho wa potumizirana ndalama pa foni unayamba mu Januwale 2024, ndipo tokotaimu ili ndi msonkho wakewake kuwonjezera pa VAT ya 16 peresenti. Zinthu ngati zimenezi zimatsutsidwa kapena kufewetsedwa zikadali papepala.

Tsono pepala limene bungwe limapereka liyenera kulankhula chinenero cha aku Treasury, osunga thumba la boma ku undunawo. Mukalemba kuti "chotsani msonkho pa zipangizo zakuti chifukwa anthu akuvutika", adzakumverani chisoni n'kuika pepalalo pansi. Iwo amafuna kuona nambala ya katunduyo monga ilili m'buku la kasitomu, kuchuluka kwa amene analowa chaka chatha, ndalama zimene boma lidzataye likachotsa msonkhowo, ndi kumene zidzabwerere. Palibe kampani yaing'ono imene ingawerengere zonsezi payokha. Bungwe lingathe, ngati mamembala akulipatsa manambala.

Apa m'pamene mabungwe ambiri amagwera, choncho ndikhalapo pang'ono. Manambalawo amachokera m'kaundula wamba amene membala aliyense amasunga pa kauntala, wa mizere isanu yokha. Tsiku ndi maola amene netiweki inazima. Maola amene malaiti anapita, ndi malita a dizilo kapena petulo amene jenseti inamwa. Tsiku limene invoisi inaperekedwa kwa kasitomala ndi tsiku limene ndalama inalowadi ku banki. Masiku amene katundu anagona pa boda, ndi chifukwa chimene anauzidwa. Ntchito imene inasowa munthu woidziwa, ndi miyezi imene malowo anakhala opanda munthu. Miyezi itatu iliyonse mlembi wa bungwe amatolera, amachotsa mayina a makampani, n'kuphatikiza. Kuchotsa mayinako n'kofunika kwambiri. Palibe amene angapereke manambala a bizinesi yake ngati akukayika kuti wapampando, amenenso ndi wopikisana naye pa matenda a boma ndi misika, adzawaona. (Ndikati matenda apa ndikunena za ma tender, osati za kuchipatala, musaseke.) N'chifukwa chake mlembi ayenera kukhala wolembedwa ntchito, wopanda kampani yakeyake m'gululo.

Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, madera ena ankaona malaiti maola atatu okha patsiku. Nsanja ya netiweki imadalira mabatire ndi jenseti. Mabatire akapanda kupeza nthawi yokwanira yodzaza amatha msanga, ndipo nsanja imodzi ikazima, zina zimene zimalandira uthenga kudzera mwa iyo nazo zimakhala chete. Kumudzi zimenezi zikutanthauza kuti mlimi sangatulutse ndalama yake pa foni. Bungwe lokhala ndi kaundula uja limatha kunena kuti nsanja zakuti ndi zakuti ndizo zimagwetsa zinzake, ziikidwe patsogolo pogawa magetsi kapena pa sola. Lopanda kaundula limangoti zinthu zavuta, zimene aliyense akudziwa kale.

Pa malamulo njira ndi yomweyo. Mu 2021 kunatuluka malamulo atatu nthawi imodzi: loteteza chinsinsi cha mbiri za anthu, la chitetezo ndi milandu ya pa intaneti, ndi la malonda ndi mauthenga a pakompyuta. Mu 2025 lachiwirilo linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano. Bilu (lamulo limene likadali loti akambirane) ikawerengedwa koyamba ku Nyumba ya Malamulo imapita ku komiti, ndipo komitiyo imaitana okhudzidwa kuti apereke maganizo. Nthawi yake imakhala yochepa. Bungwe liyenera kukhala ndi loya wodziwa ntchitoyi amene angawerenge ndime ndi ndime, n'kulemba mawu ena olowa m'malo mwa amene akuvutawo, osati kungokana. Inuyo muonetsetse lamulo la chinsinsi lija: limafuna kuti osunga mbiri za anthu alembetse, ndipo lili ndi ndime yonena kuti mbirizo zizisungidwa pa seva ya m'dziko muno, kupatula zimene zaloledwa mwapadera. Ngati pulogalamu yanu ya masukulu kapena ya makiliniki idzakhala pa seva ya ku Johannesburg kapena ku Frankfurt, nkhaniyi ndi yanu. Zambiri zoluma sizikhala m'lamulo lalikulu koma m'timalamulo timene nduna imasaina pambuyo pake, momwe mumalembedwa mitengo ya malaisensi ndi mafomu. Bungwe logona limadzazindikira fomu itafika kale pa desiki ya membala.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha ku Kenya. Makampani a intaneti kumeneko anapanga bungwe lawo, TESPOK, mu 1999. Nthawi imeneyo uthenga wochokera ku ofesi ina mu Nairobi wopita tsidya lina la msewu, ngati awiriwo anali a makampani osiyana, unkayamba wakwera pa setilaiti kupita ku Ulaya kapena ku America, kenako n'kubwerera, ndipo ulendo wonsewo unkalipiridwa ndi madola. Mu Novembala 2000 bungwelo linatsegula KIXP, chipinda chimodzi chokhala ndi switch momwe kampani iliyonse inabweretsa chingwe chake kuti uthenga wa m'dziko uzithera m'dziko momwemo. Telkom Kenya, kampani ya boma imene inkati ndi yokhayo yololedwa kunyamula uthenga wakunja, inadandaula, ndipo oyang'anira zamauthenga anatseka malowo pasanapite nthawi. Kampani imodzi ikanangogonja. Bungwe linalimbikira kufotokoza kuti uthenga wosatuluka m'dziko si uthenga wakunja, linapempha laisensi, ndipo kumayambiriro kwa 2002 malowo anatsegulidwanso. Kwa ife nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa iwo, chifukwa tilibe nyanja: intaneti yathu yodutsa pa zingwe za faiba imadzera m'maiko oyandikana nafe, yogulidwa ndi madola, pamene kasitomala amalipira makwacha. Chilichonse chimene chingagawanidwe, kaya ngalande imodzi ya faiba m'mbali mwa Great East Road m'malo mokumba zitatu, kaya nsanja imodzi yonyamula zipangizo za makampani angapo, chimafuna malo amene opikisana angakhalirepo pansi. Starlink, intaneti ya pa setilaiti, inalowa kuno mu 2023 ndipo yathandiza malo akutali, koma sinachotse vuto limeneli.

Anthu amakonda kutchula NASSCOM, bungwe la makampani a mapulogalamu la ku India, la mu 1988. Linachitadi zazikulu, koma makampani ake ankagulitsa ntchito kunja. Kuno kasitomala wamkulu ndi boma, makhonsolo, masukulu, mabanki ndi mabungwe othandiza, choncho nkhondo yathu ili pa kagulidwe ka zinthu za boma. Chimene chimapha kampani yaing'ono si mtengo, ndi zofunika zolembedwa kutsogolo kwa chikalata: mabuku owerengedwa ndi ma auditor a zaka zingapo, umboni woti munagwirapo kale ntchito yaikulu chimodzimodzi, chikole cha ku banki. Ntchito yoyala netiweki m'masukulu a zigawo zonse ikamangidwa mtolo umodzi, amene angaitenge ndi wamkulu wa ku Lusaka kapena wakunja, kenako iye n'kudzalemba ganyu anyamata a kuno pa mtengo wozizira. Bungwe lipemphe ku ZPPA, yoyang'anira kagulidwe ka boma, ndi ku maunduna kuti mitolo yotere izigawidwa potsata zigawo, kuti makampani ang'onoang'ono aziloledwa kuphatikiza mphamvu, ndiponso kuti malipiro azikhala ndi tsiku. Kuchedwa kwa malipiro kumapweteka kawiri, chifukwa malipiro a antchito, zopereka za penshoni ku NAPSA ndi misonkho sizidikira kuti kasitomala alipire. Liphunzitsenso mamembala kugwiritsa ntchito e-GP, njira ya pa intaneti yopikisanira ntchito za boma, ndi Smart Invoice, njira yotulutsira ma invoisi ya ZRA, yotolera misonkho. Ambiri amagwa pa chikalata cha msonkho chotha nthawi, osati pa luso.

Za maphunziro ndinena mwachidule. Kuyambira 2017 olemba ntchito amalipira msonkho wa maluso wa 0.5 peresenti ya malipiro a antchito. Olipirawo ali ndi ufulu wouza TEVETA, yoyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi makoleji ngati Chipata Trades zimene zikusoweka: kulumikiza faiba, kuwerengera kukula kwa invata ndi mabatire, kuika waya wa pansi woteteza ku mphezi. Chomalizachi musachipeputse, mvula yoyamba ikagwa ndi ziphaliwali, ma router ambiri amapsa chifukwa cha waya umodzi umene woikayo anaona ngati n'kutaya ndalama.

Tsopano zimene zimaononga mabungwe oterewa. Ndalama ndiyo yoyamba. Ngati kampani imodzi kapena ziwiri zikulipira pafupifupi zonse, bungwelo lidzalankhula za iwo okha, ndipo tsiku limene wamng'ono adzadandaule za mtengo umene wamkuluyo amamugulitsira intaneti, nkhaniyo sidzalowa pa ajenda. Mankhwala ake ndi zopereka za magawo potsata kukula kwa kampani, malire oti membala mmodzi asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a bajeti, ndi voti imodzi pa kampani iliyonse. Ndalama za mabungwe akunja zithandize kafukufuku kapena maphunziro, koma lendi ndi malipiro a mlembi zichokere kwa mamembala. Kupanda kutero pulojekiti ikatha ofesi imatsekedwa. Wapampando akhale ndi malire a zaka, ndipo asamagwiritse mpandowo ngati makwerero a ndale kapena a kontrakiti yake. Pali msampha winanso: opikisana akakhala m'chipinda chimodzi, lilime limaterera n'kuyamba kukambirana mitengo kapena kugawana kuti uyu atenge ntchito yakuti. Umenewo ndi mlandu pansi pa lamulo la mpikisano la mu 2010, ndipo CCPC, yoyang'anira lamulolo, imalipitsa. Msonkhano uliwonse ukhale ndi ajenda yolembedwa ndi maminitsi.

Ndiye pali vuto lathu la kuno. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita opitirira 550, tsiku lathunthu pa basi, ndipo mwini shopu sangatseke masiku atatu chifukwa cha msonkhano wa maola awiri. Bungwe lopanda nthambi m'zigawo, lopanda mpando wa zigawo m'komiti yake, ndi bungwe la Lusaka ngakhale litadzitcha la dziko lonse. Silidzadziwa kuti ku Mwami ndi m'midzi ina ya m'malire foni imalumphira yokha pa netiweki ya ku Malawi n'kudya tokotaimu ya munthu amene sanachoke pakhomo pake. Munthu payekha amangosankha netiweki pamanja m'foni mwake. Kukonza kwenikweni kumafuna kuti ZICTA ndi MACRA, inzake ya ku Malawi, agwirizane za mphamvu ndi kolozera kwa nsanja za m'malire, ndipo zimenezo zimayamba wina akawapatsa mndandanda wa midzi yokhudzidwa.

Musanalipire kalikonse, apempheni zinthu izi: malamulo oyendetsera bungwelo, chikalata chosonyeza kuti linalembetsedwa ku PACRA, kolembetsera makampani, kapena kwa Registrar of Societies, wolembetsa mabungwe, mabuku a ndalama a chaka chatha, ndi pepala lomaliza limene anapereka pa bajeti kapena ku komiti ya Nyumba ya Malamulo. Pepala limenelo muliwerenge bwino, muone ngati muli manambala ochokera kwa mamembala ndiponso ngati muli dzina la tauni iliyonse kunja kwa Lusaka ndi Copperbelt. Akakutumizirani zithunzi za chakudya chamadzulo cha pachaka m'malo mwake, ndalama yanu iyambe yagula mabatire.

Mundiuze mwezi umene mukuganiza zobwera, ndiponso ngati kampaniyo idzakhala ya mapulogalamu okha kapena mudzaitanitsanso zipangizo, chifukwa mapepala ake ndi osiyana. Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu,
wa kuno ku Chipata.