Atitsekera tchalitchi, koma ndalama za malata ndikusunga ndine

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa Chikatolika, ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi nyanja ya Malombe kuno ku Mangochi. Ndagwira njakata, chonde ndithandizeni nzeru.

Tchalitchi chathu ndi nthambi ya parishi ina yomwe sinditchula dzina. Tinamanga tokha. Abambo ankaumba njerwa kudambo, amayife tikutunga madzi ndi kututa mchenga pamutu, ndipo nkhuni zootchera uvuni miphakati inkabweretsa mosinthana. Anansi athu ambiri ndi Asilamu ndipo timakhala nawo bwino, moti malowo anatipatsa ndi amfumu a Chisilamu. Akatolika tilipo ochepa, n'chifukwa chake nyumbayi ili pamtima pathu. Timadziwa kuti ansembe oyamba anafikira kwa Mponda konkuno mu 1889 n'kuchoka mu 1891. Sitikufuna mpingo utichokerenso.

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, denga linasasuka mbali imodzi. Tinayamba kusonkha ndalama za malata ndipo anthu anandisankha kukhala msungichuma. Kwacha itagwa mu Novembala chaka chomwecho mitengo inakwera, koma sitinafooke. Wina ankagulitsa ndowa ya usipa, wina nkhuku, ine n'kumalemba dzina lililonse m'kope.

Tsiku lina mapemphero atatha, akatekisiti anawerenga kalata yoti nthambi yathu yatsekedwa, tizikapemphera ku senta ina. Zifukwa zake akuti ansembe achepa, mafuta a galimoto adula, mtulo wathu ndi wochepa komanso nyumbayo siyolimba. Sindikunena kuti ndi bodza, ansembe athu amathodwadi ndi ntchito. Chikundiwawa n'choti palibe anabwera kudzakhala nafe pansi n'kumva maganizo athu. Tinangoona galimoto itabwera kudzatenga Ukaristia m'tabenakulo, nyali yofiira ija n'kuizimitsa, pakhomo n'kuikapo loko. Amayi anga okalamba analira ngati pamaliro.

Kumene atitumizako n'kutali. Wopanda ya kabaza sangafike, ndipo nthawi ya dzinja mtsinje ukadzaza sitiwoloka. Okalamba angokhala pakhomo, ana a Tilitonse asiya kuphunzira katekisimu.

Pano tagawikana. Ena alumbira kuti mtulo ndi masika sadzaperekanso, achinyamata akufuna kuthyola loko, mabanja ena alowa kale mipingo ina. Kukumvekanso mphekesera yoti wosapereka mtulo akamwalira mpingo sudzayimba pamaliro ake, ndipo ine ndikayang'ana amayi anga mtima umandigunda.

Tsono bambo mfumu, wansembe wamkulu wa parishi yathu, atumiza uthenga woti ndalama za malata ndikapereke ku parishi, poti zinasonkhedwa m'dzina la mpingo. Amuna anga, omwe ali m'bungwe la parishi, akugwirizana nazo. Akuti mkhristu amamvera, ndipo ndikuwachititsa manyazi pamaso pa ansembe. M'nyumba mwathu nkhaniyi ikangoyamba nsima imazizira m'mbale. Koma eni ndalama akukana. Mayi wina wamasiye anandigwira dzanja pachitsime nati, "Ine nkhuku yanga ndinagulitsira denga lathu lija. Mukapereka kwina mwandibera." Ndinasowa chomuyankha, chifukwa nanenso ndikuona choncho.

Aphunzitsi ena opuma, amene anaphunzirako ku seminale, atiuza kuti m'malamulo a mpingo, lamulo la nambala 1267 limati chopereka chimene akhristu apereka pa cholinga chinachake chigwire ntchito yokhayo. Atinso munthu ali ndi ufulu wolemba kalata yopempha akuluakulu kuti aunikenso chiganizo chawo, koma pasanathe masiku 10, ndipo masikuwo anadutsa ife tisakudziwa.

Azakhali, ine sindikufuna kutchedwa woukira. Ndinabatizidwa, kulimbitsidwa ndi kumanga ukwati mumpingo umenewu, ndipo kwina sindipita. Koma ndalamazi ndichite nazo chiyani? Ndibwezere aliyense zake monga zilili m'kope, ndipereke ku parishi, kapena ndisunge mpaka nkhaniyi itakambidwa? Nanga tikalembera Ambuye Episkopi tonse pamodzi, sitikhala ngati tawalumpha bambo mfumu n'kuwonjezera moto? Ndiuzeninso mawu oti ndiyankhule nawo amuna anga, chifukwa Lamulungu likubwerali akufuna anyamule okha ndalamazo.

Ine wanu wosweka mtima,
Mayi wa ku Malombe, Mangochi