Matumbo a mwana akalowana, opaleshoni si njira yokhayo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amayi anzanga. Mwana wanga ali ndi miyezi 8 anayamba kulira modabwitsa: kukuwa atapinda miyendo pamimba, kenako zii, pakapita mphindi 20 wayambiranso. Agogo ake anati ndi mano. Atasanza n'kuchita chimbudzi cha magazi chonanda ngati mamina, ine ndinati ndi kamwazi.

Kuchipatala anamuunika pamimba ndi makina a ultrasound ndipo anapeza kuti thumbo lalowa m'kati mwa linzake, monga umapindikira mkono wa malaya. Madokotala amati intussusception, ndipo imagwira kwambiri ana osakwana zaka 2.

Mtima unali m'mwamba poganiza za mpeni. Koma atamuika diripi, analowetsa kapaipi kumatako n'kupopera madzi amchere pang'onopang'ono, akuyang'ana pamakinawo, mpaka thumbolo linabwerera m'malo mwake. Kwina amapopera mpweya. Tinagona komweko kuti amuone, chifukwa mwa ana ena vutoli limabwereranso. M'mawa mwake anali akuyamwa.

Dokotala anandiuza mosabisa kuti chinatithandiza n'kufika msanga. Thumbo likakhalitsa lotsamwa magazi sayendamo, limaola kapena kubooka, ndipo zikatero opaleshoni sipeweka. Chonde, njirayi si yoyesera kunyumba.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti zizindikirozi zizinenedwa kusikelo ya ana, komanso kuti zipatala zing'onozing'ono zizitumiza ana otere ku Kamuzu Central Hospital tsiku lomwelo.

Mayi wokhudzidwa,
Kawale, Lilongwe