Za kayaki ndi nyanja ya Kariba

Lusaka

Bwenzi langa lokondedwa,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndakondwa kumva kuti inu ndi apabanja muli bwino ku Leeds. Kunonso tili bwino. Mwafunsa ngati n'kwanzeru kuti mukadzabwera patchuthi mudzagule kayaki, kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi, n'kukawedza pa nyanja ya Kariba monga mukuchitira kumeneko, ndipo ndikuyankhani mosapita m'mbali.

Ubwino wa kabwatoka sindikuutsutsa. Damu la Kariba litamalizidwa mu 1959, madzi anamiza nkhalango za m'chigwa cha Zambezi, moti mpaka lero mitengo youma idakali chiimire m'madzi. Nsomba zimakonda kubisala pamenepo, koma boti la injini limavutika kulowa pakati pa zitsa, ndipo phokoso lake limazibalalitsa, pamene wopalasa ndi nkhafi amafika mwakachetechete. Tigerfish, nsomba ya mano akuthwa imene mukuilakalakayo, imadya nyambo kwambiri m'nyengo yotentha, makamaka mu Okutobala, ndipo mano ake amadula chingwe, choncho pamafunika kawaya pakati pa mbedza ndi chingwecho. Komabe muganizire bwino kuti mukaikoka mudzaiika pati, popeza m'kayaki malo ake ndi pakati pa miyendo yanu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti m'nyanja za ku England mulibe ng'ona kapena mvuu, pamene ku Kariba zilipo zambiri. M'kayaki munthu amakhala pafupi kwambiri ndi madzi, zigongono zili panja, ndipo nsomba yokodwa ikamaphiriphitha imaitana ng'ona. Mvuu yokhala ndi mwana imagubuduza ngakhale bwato lolemera la asodzi, nanga kapulasitiki konyamula ndi dzanja limodzi kangalimbe bwanji? Palinso mphepo. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 200, ndipo mafunde amatha kukula mwadzidzidzi. Malire athu ndi Zimbabwe ali pamadzi pomwepo, kotero wotengedwa ndi mphepo angapezeke akuyankha mafunso kutsidya alibe pasipoti.

Maganizo anga ndi akuti kayakiyo musagule. Tidzanyamuke m'mamawa kudzera ku Kafue, titsike mapiri pa msewu wa ku Chirundu, kenaka tikhotere ku Siavonga, ulendo wa makilomita pafupifupi 200. Kumeneko tikabwereke boti pamodzi ndi munthu wodziwa kumene mvuu zimakhala, makamaka popeza chilala cha 2024 chinatsitsa madzi kwambiri ndipo magombe amene munkawadziwa mwina anasintha. Mukaumirirabe kupalasa, popeza khalidwe lanu ndimalidziwa, mudzatero m'mawa mphepo isanayambe, mutavala jekete yoyandamitsa, boti lathu lili pambali panu. Nsomba zogwidwa musadzazilendeweze m'madzi, ndiponso musadzazitumbulire pagombe pamene ana amatunga.

Usiku tidzakhala pakhonde n'kumaonerera nyali za asodzi a kapenta, kansomba kamene anakabweretsa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960. Mundiuze msanga tsiku limene mudzafike kuti ndipemphe tchuthi kuntchito, ndipo mudzatengeko mbedza zolimba ndi kawaya kaja, zokwanira anthu awiri.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kalekale.