Akusamala miyala ya Amaya, eni ake akuwatcha mfiti

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za dziko lakutali, la Guatemala ku Central America, chifukwa nkhani ya kumeneko yandikhala pamtima kwa nthawi ndithu.

Mu Juni 2020, m'mudzi wa Chimay m'chigawo cha Petén, anthu anagwira bambo Domingo Choc Che, a mtundu wa Q'eqchi', umodzi mwa mitundu ya Amaya, eni nthaka a dzikolo kuyambira kalekale. Anawamenya usiku wonse, ndipo kutacha anawathira petulo n'kuwayatsa moto, ena ataima poteropo akujambula pa foni. Ankawanena kuti analodza munthu wina amene anamwalira. Chonsecho bambowa anali sing'anga wodziwa zitsamba komanso mtsogoleri wa mapemphero a makolo, ndipo n'kuti akugwira ntchito ndi akatswiri a University College London, a yunivesite ya Zurich ndi a Universidad del Valle de Guatemala, kulemba mitengo ya mankhwala ya m'nkhalango za kwawo. Mu 2021 khoti linagamula anthu atatu kukakhala kundende zaka 20. Koma zimene ankadziwa mkuluyu zinapsa naye limodzi.

Anthu ngati amenewa kwawoko amawatchula kuti ajq'ij, kutanthauza wosunga masiku. Amatsata kalendala ya masiku 260, ya mayina 20 ndi manambala 13, ndipo tsiku lililonse lili ndi khalidwe lake ndi pempho lake. Akafuna kupemphera, ajq'ij amasesa pansi, n'kulemba mzere wozungulira ndi shuga. M'katimo amaunjika utomoni wonunkhira wa copal ndi makandulo: ofiira kum'mawa, akuda kumadzulo, oyera kumpoto, achikasu kum'mwera. Akayatsa, amagwada n'kuyamba kutchula masiku aja limodzilimodzi, kuthokoza chifukwa cha chimanga, kupempha mvula, kutchula amene anatsogola, kufikira moto utazilala wokha. Nditaziwerenga izi ndinakumbuka agogo anga aakazi atagwada pansi pa mtengo wa mpoza, akuthira ufa pang'onopang'ono, akuomba m'manja chapansipansi, ife ana atatiuza kuti tisatsokomole n'komwe. Ndine munthu wopemphera kutchalitchi kuyambira ubwana, koma sindinaonepo choipa pa zimene agogo ankachitazo.

Pemphero lotere silichitikira pena paliponse. Limafuna phiri lake, phanga lake, kasupe wake. Anthu a mtundu wa Mam, omwenso ndi Amaya, amakwera kukafika pa nyanja ya Chicabal, yomwe ili m'chigwa cha pamwamba pa phiri lomwe kale linkaphulika moto, ndipo pakatha masiku 40 chichitikireni Pasaka amaika maluwa m'mphepete mwake kupempha mvula. Kusambira m'madzi amenewo n'koletsedwa. Ku Chichicastenango, tchalitchi cha Santo Tomás chinamangidwa pamwamba pa kachisi wakale, ndipo mpaka lero Amaya amafukiza pa masitepe ake 18.

Vuto ndi lakuti malo ambiri otere ali m'minda ya anthu ena, m'maesiteti otchingidwa ndi waya, kapena m'malo okopa alendo a boma. Mwini munda akatseka geti, basi pemphero lathera pomwepo. Nkhondo yapachiweniweni ya 1960 mpaka 1996 inapha kapena kusowetsa anthu pafupifupi 200,000, ndipo komiti yofufuza inapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene anadziwika, 83 anali Amaya. Pokambirana za mtendere, mu Malichi 1995 boma linasaina pangano lovomereza kuti chipembedzo cha Amaya n'choyenera ulemu, ndiponso kuti eni ake azikhala ndi mawu pa kasamalidwe ka malo opatulika. Mu 2008 atsogoleri a Amaya, kuphatikizapo bungwe la Oxlajuj Ajpop, anakankha bilu nambala 3835 yoti lonjezo lija likhale lamulo. Eni minda ndi amalonda akuluakulu anaikana, amati ikuopseza ufulu wawo wa malo, ndipo yangogona m'nyumba ya malamulo zaka zoposa khumi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti dziko lomwelo limadyera dzina la Amaya. Pa 21 Disembala 2012 boma linachititsa chikondwerero chachikulu ku Tikal, mabwinja a mzinda wakale wa Amaya, alendo anakhamukirako, ena anakwera Kachisi Wachiwiri n'kumuwononga, pamene atsogoleri a mapemphero ankadandaula kuti mwambo wawo wasanduka malonda. Amaya amene anamwalira zaka chikwi zapitazo ali pa zikwangwani zoitanira alendo. Mdzukulu wawo wamoyo, akanyamula makandulo kupita kuphiri, amamuloza chala. Ine ndikuti malo opatulika sangatetezedwe ndi mpanda ndi tikiti ngati munthu wodziwa chifukwa chake malowo ndi opatulika akuyenda mwamantha m'mudzi mwake momwe.

Tisanene kuti izi n'zakutali. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi chifukwa mphezi inapha mtsikana, amati ndiwo anaitumiza. Ndipo nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, yakhala chiimire zaka mazanamazana chifukwa cha anthu amene amausunga mwambowo ndi kuopa kudulamo mtengo. Tikawatha mawu anthu amenewa powanena kuti ndi achikunja, kapena tikazolowera kuti wokalamba aliyense wodziwa mitengo ndi mfiti, nkhwangwa sizidzachedwa kulowa.

Pempho langa kwa inu Akonzi lili pawiri. Mukamalemba za wokalamba amene waphedwa ndi gulu la anthu, musamaike mawu akuti "woganiziridwa ufiti" pamutu wa nkhani ngati kuti ndilo dzina lake; lembani kuti anali ndani, ankachita chiyani, wasiya ndani, ndipo mlanduwo muziutsata mpaka kukhoti. Chachiwiri, tumizani mtolankhani ku Khulubvi, akakhale pansi ndi osunga kachisi eni ake, awafunse zimene zikuwasowetsa tulo, ndipo zimene anene mudzazisindikize m'Chichewa kuti iwonso aziwerenge.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba