Za Jumuwa ya kuno ku Mayfair

Assalam alaikum aise,

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndinauona kalekale, pepa ndachedwa kuyankha, ku shopu tikumaweruka usiku. Unafunsa ngati kuno ku Joni ndimapeza koswalira ndiye ndati ndikhale pansi ndikuuze bwinobwino, ukawauzenso amayi mtima ukhale m'malo.

Ndikukhala ku Mayfair, moyandikana ndi Fordsburg. Madala akuno amatiuza kuti nthawi ya tsankho dera lino linali la azungu okhaokha, amwenye omwe ankakhala ku Fietas chapafupi pompa anawagwetsera nyumba nkuwasamutsira ku Lenasia kutali uko chifukwa cha Group Areas Act, lamulo logawa malo okhala potengera mtundu wa anthu. Cha m'ma 1980 anayamba kulowa mu Mayfair pang'onopang'ono lamulolo lisanathe nkomwe, ndiye boma litasintha mu 1994 mpamene kunakhamukira a ku Somalia, Pakistan, Bangladesh, Ethiopia ndi ife Amalawi. Kwa ma Somali cha ku 8th Avenue anthu amangoti Little Mogadishu.

Koma chomwe ndikufuna ndikuuze ndi Jumuwa yanga yoyamba, swala ya Lachisanu. Mzikiti unadzadza mpaka ena kuswalira panja, kumanja kwanga m'mwenye wa ndevu zoyera, kumanzere mnyamata wa ku Bangladesh, palibe ndi mmodzi yemwe woti ndingamulonjere m'Chiyao. Imamu atamaliza Fatiha, sura yoyamba ya m'Qur'an, anthu ondizungulira anangoti zii, paja amwenye ambiri amatsata chiphunzitso cha Hanafi, Amina amanena chamumtima. Koma kumbuyoku kunamveka Amiiina wamphamvu ngati ku Mangochi kwenikweni, anali ma Somali, iwo amatsata chiphunzitso cha Shafi ngati ife. Aise misozi inalengeza, ndinakumbukira malemu bambo atandigwira dzanja kupita ku swala ya subuhi kudakali mdima. Titapereka salamu ndinatembenuka nkumugwira chanza mmodzi wa ma Somaliwo, Chingerezi chake chochepa changanso chochepa koma mpaka lero timasungirana malo pa mzere.

Zosiyana zilipo ndithu, asiri, swala ya chakumadzulo, amaswali mochedwerapo kuposa kwathu ndipo kunuti, duwa ya mu swala ya subuhi, sawerenga, poyamba zinkandivuta koma pano ndazolowera. Mwezi wa Ramazani ndiye umasangalatsa, futari timadyera limodzi pa mphasa imodzi, tende, samusa, ndi haleem, phala la tirigu ndi nyama lomwe ndikanakonda utalawa. Chinanso chondinyaditsa, m'mizikiti yambiri kuno woitana azana ukamufunsa upeza ndi wakwathu, ana a madrasa a ku Machinga ndi Mangochi mawu awo akudzutsa Joni. Chomwe ndimalakalaka nchoti tiziwonekanso m'makomiti oyendetsa mizikiti, paja tachuluka ndipo mavuto athu monga kutumiza maliro kumudzi timawadziwa ndife, pano timangosonkherana tokha.

Sabata yatha tinakwera taxi kukaona Nizamiye ku Midrand, mzikiti womwe anamanga munthu wabizinesi wa ku Turkey Ali Katircioglu, unatsegulidwa mu 2012 ndipo anatengera wa Selimiye wa mu mzinda wa Edirne ku Turkey komweko. Kukongola kwake sindingathe kulemba, zithunzi ndikutumizira ndikagula bandulo.

Undiperekere salamu kwa shehe ndi alamu, undiuzenso ngati denga la mzikiti wathu lija linatha, yanga yochepa ndiyika mwezi ukatha Insha Allah.

Ndine mbale wako,
wa ku Joni