Osula aphunzitsi agwiritse ophunzira awo zipangizo za Braille

Akonzi,

Ndilembako za momwe aphunzitsi athu akusulidwira pa nkhani ya ana a ulumali. Kwa zaka zambiri takhala tikudalira koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kutipatsa akatswiri a ana osaona, osamva ndi ovutika kugwira maphunziro. Koma ana ambiri otere sali m'sukulu zapadera monga ya osaona ku Chilanga kapena ya osamva ku Mua. Ali m'kalasi wamba, pamaso pa mphunzitsi amene anachita zaka ziwiri za IPTE (maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale) ndipo Braille, zilembo za timadontho zomwe osaona amawerenga ndi zala, anangoimva m'manotsi.

Braille saphunzira pomvera. Kabokosi kake kali ndi malo a timadontho 6, titatu kumanzere titatu kumanja, ndipo kamatulutsa zizindikiro 63. Mwana asanaone pepala, zala zake ziyambe zazolowera: asankhe nyemba pakati pa chimanga, atsate chingwe chomatidwa pa katoni ndi manja onse awiri. Kenaka mpatseni thireyi ya mazira yodulidwa kutsala mabowo 6, aziikamo timiyala potchula manambala a timadontho. Kuwerenga kuyambe, kulemba kubwere pambuyo.

Chisokonezo chimabwera pa sileti (kachipangizo ka timabowo kopanira pepala polemba Braille) ndi kachitsulo kobayira. Mwana amabaya kuchokera kumanja kupita kumanzere, popeza timadontho timatumphukira kuseri kwa pepala, ndipo akalitembenuza ndi pamene amawerenga kuchokera kumanzere. Mphunzitsi akamuuza kuti "lemba mozondoka", basi wamusokoneza: d amasanduka f, h amasanduka j, e amasanduka i. Mwanayo aloweze chilembo ndi manambala ake, kuti e ndi 1 ndi 5, i ndi 2 ndi 4, ndipo kadontho 1 kamakhala pamwamba kumbali yomwe wayambira. Pepalanso likhale lochindikala. La m'kope wamba limabooka, ndipo mabuku a Braille mukawasanjikiza mulu timadontho timaphwatalala, aimikeni chilili. Makina olembera Braille a Perkins amalimba ndi fumbi la choko, choncho azivindikiridwa.

Za mwana wachialubino n'zosavuta, koma zimaphonyeka. Kumukhazika kutsogolo sikukwanira ngati dzuwa la pawindo likumuthobwa m'maso. Muloleni avale chipewa m'kalasi, ayandikire bolodi mmene akufunira, ndipo muzitchula mokweza zomwe mukulemba. Kwa mwana wovutika kumva n'zosiyana: musalankhule mutayang'ana bolodi, chifukwa amadalira milomo yanu.

Zonsezi si za digiri. Pempho langa kwa a mayunivesite ndi Unduna wa Zamaphunziro ndi lakuti amene amasula aphunzitsi pa phunziroli akhale oti anaphunzitsapo mwana wosaona kapena wosamva, osati owerenga mabuku okha. Wophunzira aliyense wa ku TTC asalandire satifiketi asanalembe alifabeti yonse pa sileti, asanadziwe moni ndi manambala m'chinenero cha manja, komanso asanakhale masabata angapo pa resource centre (malo othandizira ana a ulumali pa sukulu) nthawi ya teaching practice.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ana osaona,
Zomba