Chilengezo: Loweruka tikambirana za fumbi la ku Bennu

Okondedwa mamembala,

Loweruka likudzali tikumana pamalo pathu pomwe paja, nthawi yomwe ija. Nkhani yake ndi ya Bennu, chimwala chomwe chimazungulira dzuwa. Chombo cha NASA (bungwe la ku America lofufuza zakuthambo) chotchedwa OSIRIS-REx chinakatapa fumbi ndi timiyala kumeneko mu 2020, n'kudzazitula m'chipululu cha Utah ku America pa 24 Sepitembala 2023. Zonse pamodzi zinangokwana magalamu 121.6, zosadzaza n'kapu yomwe!

Koma mu Januwale 2025 akatswiri analengeza kuti m'kafumbiko apezamo ma amino acid 14 mwa 20 amene zamoyo zimapangira mapuloteni, komanso mchere wotsalira pomwe madzi anaphwa kalekale. Chonde tisathamangire kunena kuti apeza zamoyo. Apeza zipangizo chabe.

Bwerani ndi mafunso anu. Kukapanda mitambo tidzatsalira panja kuyang'ana nyenyezi, choncho musaiwale majuzi.